Tsiku Limene Ndidavula Apongozi Anga Mkanjo

Zaka khumi ndi chimodzi ndidagwira ntchito yoyala mabedi pa loji ina ya m'mbali mwa msewu waukulu, ukangodutsa pa Nsipe kulowera ku boma. Msana wangawu udathera pamenepo. Kuyala, kukolopa, kuchapa mataulo a anthu osawadziwa, mawa lake kuyambiranso pomwepo. Idali nthawi ija mabungwe adachuluka, sabata iliyonse msonkhano: lero za madzi, mawa za mbuzi, mkuja za ufulu. Anthu ankabwera, kudya, kugona, n'kumapita, ife n'kutsala ndi zochapa.

Abwana athu adali munthu wa konkuno, koma adagwirako ntchito pa masitima akuluakulu a pa nyanja za kunja, aja amangozungulira ndi anthu olemera kuti aziona madzi. Adabwerako ndi nsapato zosongoka ndi mawu amodzi okha: "Pa sitima sitinkatero." Ukaika supuni mokhota, pa sitima sitinkatero. Ukatsokomola pafupi ndi mlendo, pa sitima sitinkatero. Ife sitima yake sitidaionepo, koma idatitopetsa kuposa amene adaikwera.

Ndiwo adabweretsa mikanjo yosambira. Idali yoyera mbee, yokhuthala ngati thaulo, ya lamba wake m'chiuno ndi matumba awiri kutsogolo. Tsiku limene idafika adatisonkhanitsa tonse kuseri kwa khitchini kuti atiphunzitse mwambo wake.

"Mlendo akatuluka m'bafa avale," adatero. "Akhale nawo m'chipinda, amwe nawo tiyi pakhonde la chipinda chake ngati afuna. Pa sitima tinkawalola kupita nawo ku dziwe losambira, basi. Kodyera ayi. Polandirira alendo ayi. Ku holo ya msonkhano, ndisadzaone."

Ine pakamwa panga sipachedwa. Ndidafunsa kuti nanga dziwe lathu ndi liti, popeza kuseri kudangokhala chidzenje chomwe adakumba chaka china n'kuchisiyira achule. Malamulowo adawalembetsa pa timapepala tolimba, m'Chingerezi, toti tizikoleka pamodzi ndi mkanjo mu wadiropu. Ndidati bwanji tilembenso m'Chichewa. Adati Chichewa chimatsitsa loji. Ndidangoti chabwino, ndani ine. Mikanjoyo adaiika m'manja mwanga: kukoleka ine, kutolera ine, kuchapa ine. Mkanjo umodzi ukanyowa unkalemera ngati mwana wa mbuzi, ndipo nyengo yozizira unkatenga masiku awiri osauma.

Tsopano ndinene za apongozi anga aamuna, chifukwa nkhani yonse ili pa iwo.

Amuna anga adapita ku Joni mwana wathu wachitatu ali kumsana. Zaka ziwiri ankaimba foni, kenako zii. Ana anga ankakhala kwawo kwa amuna angawo, kuchigwa, ukatsika kupitirira pa Kandeu, komwe anthu amalima mpunga wothirira. Ine kwathu kudalibenso munthu, makolo adapita kale, malo abale adagawana. Alamu anga ankafuna ndichoke. Ankati mkazi wogwira ntchito pa loji sadziwika chimene amayala. Munthu mmodzi yekha ndiye adaima nane, apongozi angawo. Adati, "Atengwa athu adzachoka pano ine nditafa." Nkhani idathera pomwepo. Ndiye mumvetse kuti ulemu umene bambo amenewa ankandipatsa ndiwo udali nyumba yanga. Ndikadautaya, ndidalibe kwina koutola.

Chipongozi chathu chidali chija chakale. Sitidagwiranepo chanza. Sitidadyerepo pamodzi. Ndikafika kumudzi ndinkagwada chapatali, kuyang'ana kumbali, iwo n'kuyang'ana mbali inayo, tikatero ndiye tilonjerane. Za thupi lawo, za zovala zawo, za kosamba kwawo, zimenezo sizidali zotuluka pakamwa panga ngakhale kumaloto. Ena amati mwambo umenewu ndi wotalikitsa anthu. Kwa ife udali wotisunga bwino.

Mwezi wa Juni wina, bungwe lina lidaitana atsogoleri a alimi a mpunga ku loji kwathu. Apongozi anga adali tcheyamani wa komiti ya madzi, amene ankanena kuti lero atsegulire ndani ngalande, mawa ndani. Ndiwo adasankhidwa kuti akalankhule pamaso pa mlendo wolemekezeka wochokera ku Lilongwe za ngalande yaikulu yomwe idagumuka. Ndidawaona akutsika minibasi madzulo, atavala jekete lawo limodzi lomwelo la kutchalitchi, ndipo ndidathawira mosungira mataulo. Moni ndidatumiza kudzera mwa mnzanga wa kukhitchini. Ndidapemphanso kuti chipinda chawo akonze wina, chifukwa mtengwa sagwira pogona apongozi. Koma mikanjo ndidali nditakoleka kale m'zipinda zonse, monga mwa masiku onse.

Anthu a kuchigwa sakudziwa kuzizira kwa kumtunda kuno. Kwawo Juni amagona ndi nsalu imodzi. Kuno m'mawa mwake kudali chifunga choti sungaone galimoto pamsewu, kamphepo kake kolowa mpaka m'mano.

Ndidali ndikuviika mashiti a pabedi pamene mnzanga wa kukhitchini uja adabwera akuthamanga, dzanja pakamwa.

"Iwe, siya zimenezo, bwera udzaone. Kwabwera mpingo watsopano!"

Ndidasuzumira pa kazenera koperekera chakudya. Mayo ine! Azibambo asanu ndi atatu adali atakhala pa tebulo lalitali, onse m'mikanjo yoyera, malamba atamanga zolimba. Kumutu kwa tebulo kudali apongozi anga, chipewa chawo kumutu, cholembera atachikoleka pathumba la mkanjo, mapepala a zokalankhula ali pambali pa kapu ya tiyi. Ndinene zoona, ankaoneka bwino. Sindidawaonepo atakhala mowongoka chotero.

Pambuyo pake ndidamva mmene zidayendera. Alimi amenewa misonkhano adaizolowera. Kwina amawapatsa matisheti, kwina zipewa, amayi amalandira zitenje, ndipo aliyense amadziwa kuti chimene wapatsidwa uvale pa tsiku la msonkhano, kuti eni ake aone kuti wayamikira. Apongozi anga atapeza mkanjo mu wadiropu, kapepala ka Chingerezi kali lende, adaganiza kuti bungweli ndi la anthu oganiza: laona kuzizira, lapereka makhoti. M'mawa adayenda chitseko ndi chitseko kuuza anzawo kuti avale yunifolomu, asachititse manyazi chigwa.

Anyamata ndi atsikana a bungwe lija adali pa tebulo lina, akuseka chamumtima, mafoni atawadzutsa ngati akuwerenga mauthenga. Palibe ndi mmodzi yemwe adadzuka kukanong'oneza akuluakuluwo.

Abwana adandipeza pomwepo pa kazenera. Adandikokera m'kanjira ka kuchimbudzi, nkhope itachita thukuta m'kuzizira konseko.

"Waona ntchito yako?"

"Bwana, ine ndinangokoleka monga munanenera."

"Mlendo wolemekezeka afika naini koloko, ndi atolankhani. Akapeza anthu ali chonchi m'loji mwanga, iwe utenge chikwama chako uzipita. Mikanjo ndi mbali yako."

"Bwana, ali kumutu kwa tebulowo ndi apongozi anga."

"Ndiye zakhala bwino, akumvera."

"Bwanji mukawauze ndinu? Ndinu bambo, ndinu mwini malo."

"Ndikalankhula ine, loji yanyoza alendo, bungwe silidzabweranso. Ukalankhula iwe, ndi nkhani ya pabanja." Adayang'ana wotchi. "Safunsa anadya phula. Akadafunsa."

Ndidafuna kuwafunsa kuti munthu angafunse bwanji chinthu chimene akuganiza kuti akuchidziwa, koma mphamvu ya mkangano ndidalibe. Ndidali nditadzuka folo koloko.

Ndidayamba ndi mnzanga wa kukhitchini. Adati, "Ine ayi, mayi, mbali yanga ndi mazira." Ndidapita kwa mtsikana amene ankatsogolera a bungwe, ndidamupempha mwaulemu. Adaseka n'kuti, "Asiyeni, amayi, akuoneka bwino. Tiwauza tikamalowa mu holo." Ndidadziwa kuti sawauza, ankadikira chithunzi cha pagulu. Kenako ndidanyamula ketulo ngati ndikukawonjezera tiyi, n'kukagwada pafupi ndi bambo amene adakhala kumapeto kwenikweni kwa tebulo, kutali ndi apongozi. Ndidawanong'oneza kuti chovalacho n'cha m'chipinda, ndipo chonde auze anzawo mwakachetechete. Adandiyang'ana mokayika.

"Kauzeni a tcheyamani. Ndiwo atiuza kuti tivale. Ine sindingavule iwo asanavule."

Njira zonse zidabwerera kwa munthu mmodzi yemweyo.

Ndidabwerera kochapira n'kuima kaye pamenepo, manja ali m'madzi ozizira. Ndikapanda kulankhula, ntchito yatha, ndipo alamu anga apeza ponenera kuti ngakhale ku lojiko amuthamangitsa. Komanso akuluakuluwo akajambulidwa ndi atolankhani, dziko lonse liwaseka. Ndikalankhula, ndatsegula pakamwa pa zimene mtengwa satchula. Ndidadziuza kuti ndipeza mawu ozungulira, oti iwo amve koma ine ndisanene. Ndidamanga chitenje pamwamba pa yunifolomu, n'kulowa.

Ndidagwada pafupi ndi chipilala, mapazi awiri kuchokera pa mpando wawo, nkhope ndatembenuzira ku khoma.

"Mwadzuka bwanji, ababa?"

Adasangalala. Ndidamva m'mawu awo. "Tadzuka bwino, kaya inu atengwa?" Kenako adauza anzawo mokweza, "Awa ndi atengwa athu. Amagwira ntchito pompano. Ndiwo akusunga adzukulu anga pa sukulu."

Azibambo aja adawomba m'manja mwaulemu. Kukadakhala bwino akadandikalipira.

"Ababa," ndidatero motsitsa, "eni nyumba akupempha kuti za m'chipinda zitsale m'chipinda."

"Mukuti bwanji?"

Apa m'pamene ndidakumbukira kuti khutu lawo lakumanzere lidafa kalekale, ndipo ine ndidali nditagwada kumanzere. Kumanja kudali tebulo ndi anthu. Kumudzi tinkalankhulana pabwalo pali zii, iwo atatchera khutu labwinolo. Muno mudali masupuni, wailesi ya kanema, ndi jenereta kuseri.

Ndidakweza pang'ono. "Akuti zofundazi, ababa, n'za kuchipinda."

"Ee, n'zofunda kwambiri," adayankha akusisita mkono wa mkanjo. "Muwathokoze eni ake. Tikadauma nako kuzizira."

Pa tebulo la a bungwe wina adatsamwa ndi tiyi. Nditadzutsa maso ndidaona abwana ali pakhomo, chala chikugogoda pa wotchi. Panja padamveka galimoto ikulowa pa geti. Mwina idali ya mlendoyo, mwina ya buledi, mpaka lero sindidziwa.

"Ababa, chovalachi sachivala kodyera."

"Atengwa, lankhulani momveka, ine khutu ili ndi lokongoletsa chabe."

Anthu amati ndidachita dala. Sindidachite dala. Ndidatopa. Kutopa kwa mabedi, kwa sitima ya abwana, kwa mwamuna wosaimba foni, kwa mawondo pa simenti yozizira, zonse zidakwera pakhosi nthawi imodzi, ndipo mawu adatuluka aakulu kuposa mmene ndidawatumira.

"Ababa, chimene mwavalacho n'chosambira! N'chopukutira m'thupi mukachoka kubafa!"

Aliyense adaika supuni pansi. Kenako kumbuyo wina adaphulika nako kuseka, n'kudzigwira pakamwa mochedwa.

Thupi. Bafa. Kwa apongozi, pamaso pa anzawo asanu ndi awiri amene ankawamvera pa nkhani ya madzi.

Adatembenuka n'kundiyang'ana kumaso. Pa zaka zonse zimene ndidakhala pabanja pawo, kadali koyamba kuti ndione maso awo molunjika. Sadali okwiya. Ankangondiyang'ana ngati akufuna kudziwa kuti mayi ameneyu ndi wa kwa yani.

Adaimirira pang'onopang'ono. Adachotsa cholembera pathumba, n'kuchiika pa mapepala. Adamasula lamba. Ndidafuna kukuwa kuti ayi, kavulireni kuchipinda, koma ndidachedwa. Adavula pomwepo. M'kati adali ndi buluku ndi vesiti yokha, yakale, yobooka paphewa, chifukwa malaya ndi jekete adazisiya kuchipinda kuti zisakwinyike. Ndidagwetsa nkhope pansi, koma ndidali nditaona kale nthiti za apongozi anga.

Mkanjowo adaupinda bwinobwino, mikono m'kati, lamba pamwamba. Sadandipatse m'manja. Adauika pa mpando. Kenako adayang'ana abwana pakhomo paja, n'kuvula chipewa.

"Pepani, bwana. Sitinadziwe."

Adatuluka akuyenda mwa masiku onse, osafulumira. Anzawo adawatsatira mmodzimmodzi, ena atagwira mikanjo pachifuwa ngati ingawagwe. Tiyi adamusiya m'makapu.

Abwana adandidutsa ndikadali chogwada. "Waona? Nkhani yosavuta," adatero. Ndidadzuka n'kutenga mkanjo uja pampando. Udali ukadali wofunda. Tsiku limenelo ndidachapa mikanjo isanu ndi itatu imene idalibe litsiro lililonse.

Nthawi ya zolankhula ndidaima m'kanjira ndi chokolopera, kumvetsera. Apongozi anga, bambo amene ankaletsa ndewu pa ngalande ndi mawu okha, tsiku limenelo adalankhula motsitsa mpaka mlendo wolemekezeka adawapempha kawiri kuti abwereze. Adawerenga theka la pepala n'kukhala pansi. Chakudya chamasana sadadikire. Mlonda adandiuza kuti adawaona ataima pamsewu okha, akuimitsa minibasi.

Ntchito sidandithere. Sabata yotsatira abwana adandiuza kuti misonkhano ya alimi ikamabwera ndizichotsa mikanjo m'zipinda. Kapepala ka Chichewa sikadalembedwe. Chithunzi cha pa foni chidafika kuchigwa ine ndisadafike, ndipo pa Kandeu anyamata a kabaza adayamba kuwatchula akuluakulu aja kuti a mpingo wa kubafa. Komiti ya madzi itakumananso, apongozi anga adati akalamba, asankhe wina.

Mwezi utatha ndidatsikira kumudzi monga ndinkachitira, ndi shuga, sopo ndi makope a ana. Njira yonse ndinkakonza mawu opepesera. Ndidaganiza zotuma azakhali a amuna anga kuti akandinenere, ndidaganiza zogula tambala. Ndinkayembekeza kuti apongozi andikalipira, kapena akhala chete osandiyankha moni, ndipo zonsezo ndikadazipirira.

Ndidawapeza pabwalo, atakhala pa thumba la mankhusu, akusoka chiguduli choyanikira mpunga. Ana adali kudimba. Ndidatula katundu, n'kukagwada chapatali, kumbali ya khutu lawo labwino, nkhope kumbali.

"Tabwera, ababa."

Adaika singano pansi n'kuimirira. Adalowa m'nyumba. Ndidamva akukoka chinthu, kenako adatuluka atanyamula mpando wa ndalema, uja ankautulutsa kukabwera abusa kapena alangizi a zaulimi. Adabwera nawo mpaka pamene ndidagwada, pafupi penipeni, pamene sadafikepo n'kale lonse. Adaupukuta ndi chipewa chawo.

"Khalani apa, madamu. Pansipo pali fumbi."

"Ababa, ndine ndemwe. Ndine mtengwa wanu."

"Ana anu ali bwino, madamu. Abwera posachedwa. Khalani."

Ndidalira. Ndidati andikhululukire, ndidati adandituma, ndidati ndidatopa, ndidanena zonse zimene ndidakonza m'njira ndi zina zimene sindidakonze. Iwo adangoima chilili, chipewa chili m'manja, akundiyang'ana kumaso mwaulemu wonse, monga ankachitira ndi anthu a ku boma. Alamu anga adali pakhonde la nyumba yawo, akuonerera.

Adali bambo wokalamba, ndipo miyendo yawo idayamba kunjenjemera. Ndidadziwa kuti sakhala pansi mlendo asadakhale. Ndidadzuka, n'kukhala pampandopo.